Chesi ya Munthu Wopanda Nthawi

M'makomboni a Lusaka, masewera a azibambo kale anali nsolo ndi drafti. Ku Matero kumene ndinakulira, bolodi la drafti linkajambulidwa pa kathabwa, ndipo zotsekera mabotolo ndizo zinkaseweredwa: za wina zogadama, za mnzake zovundikira. Chesi tinkaiona ngati ya ana a kumayadi. Ochepa amene tinaikonda m'zaka za m'ma 1990 tinkaiphunzira mwa kugonja. Mfumukazi ndi bishopu akakumana pa f7 n'kukumaliza m'mamuvu anayi, phunziro la tsikulo lathera pomwepo.

Buku la chesi linali losowa. Likapezeka limodzi pa mulu wa mabuku akale m'tauni, linkayenda m'manja kuchokera ku Matero mpaka ku George, masamba ena atathothoka. N'chifukwa chake aliyense ankadziwa opening (njira yoyambira masewero) imodzi basi, ndipo ankadziwika nayo. Ukamva kuti mawa ukumana ndi mdala wa ku Chawama, unkadziwiratu kuti akankha pawn ya kutsogolo kwa mfumu, atulutsa hatchi, kenako bishopu pa c4. Sankabisa kanthu, koma kumugonjetsa kunali kovuta, chifukwa njira yake imodziyo ankaidziwa ngodya zonse.

Amene anatitsegula maso ndi Amon Simutowe. Mu 1996 anakhala katswiri wa Zambia yonse ali ndi zaka 14, ndipo mu 2009 anapatsidwa udindo wa Grandmaster, woyamba kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Pambuyo pake Gillian Bwalya anakhala moyang'anizana ndi Vladimir Kramnik pa World Cup ya 2013 ku Tromsø. Anagonja, koma anyamata a m'komboni anaona kuti Mzambia angathe kufika pa bolodi limenelo.

Chimene chinasintha zonse ndi foni. Lichess, webusaiti yosewererapo chesi imene inayamba mu 2010, ndi yaulere. Stockfish, pulogalamu imene imaposa munthu aliyense pa chesi, imalowa m'foni wamba. Mu 2020, pamene Covid inatitsekera m'nyumba, anthu ambiri anayamba kusewera pa intaneti. Lero mwana wa ku Mtendere amene ali ndi bandulo ya tsiku limodzi angaonere maphunziro ochuluka kuposa onse amene ife tinawapeza paunyamata wathu wonse.

Kale tinkasowa chidziwitso, pano tikusowa nthawi. Anzanga amene ndimasewera nawo Lamlungu masana ndi kalipentala wa ku Kalingalinga, dalaivala wa minibasi wa ku Kanyama ndi mphunzitsi. Onse amafika kunyumba kutada. Mu 2024, madzi atatsika ku Kariba magetsi n'kumazimazima, ngakhale kutchaja foni kunali kwa mwayi. Munthu wotere akatsegula YouTube amauzidwa kuti aphunzire Najdorf, sabata yotsatira King's Indian, kenako gambit ina yatsopano. Mabuku a chesi otchedwa ECO amagawa ma opening m'zigawo 500, kuyambira A00 mpaka E99. Wofuna kulawa zonsezi amatha chaka akudziwa maina ambiri, koma akafika pa muvu yachisanu ndi chitatu sadziwa kolowera. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ine ndinasankha zitatu zokha, ndipo ndikaulula chifukwa chake ena amaseka. Ndikakhala ndi zoyera ndimasewera London System: pawn pa d4, bishopu pa f4, ma pawn ena pa e3 ndi c3, mahatchi pa f3 ndi d2, bishopu winayo pa d3. Ndikakhala ndi zakuda, mnzanga akayamba ndi e4 ndimayankha Caro-Kann, c6 kenako d5. Akayamba ndi d4 ndi c4 ndimayankha Slav, d5 kenako c6. Mukayang'anitsitsa muona kuti zitatuzi n'zapachibale. Ma pawn amaima mofanana, c3, d4, e3 kwa zoyera, c6, d5, e6 kwa zakuda, ndipo bishopu amayamba watuluka pawn ya e isanamutsekere. Chimene waphunzira Lamlungu lino ndi zoyera chimakuthandiza Lamlungu linalo ndi zakuda.

Oseka amati London ndi ya aulesi ndi amantha. Pali kachoonadi. Wosewera mamuvu asanu ndi awiri aja osayang'ana zimene mnzake akuchita amadzidzimuka zakuda zikakankha c5 n'kuika mfumukazi pa b6, poti pawn ya b2 imakhala yopanda mlonda bishopu atachoka pa c1. Yankho lake liyenera kuphunziridwa, koma ndi ntchito ya madzulo amodzi, osati ya mwezi. Ndipo amene amati si opening ya akatswiri aiwala kuti Ding Liren anagonjetsa Ian Nepomniachtchi ndi London yomweyi m'masewero achisanu ndi chimodzi a mpikisano wa dziko lonse mu 2023, ndiponso kuti Anatoly Karpov anadalira Caro-Kann kwa zaka zambiri.

Sindikunena kuti aliyense atsatire zanga. Mwana wasukulu amene ali ndi nthawi komanso mutu wopepuka ayambe ndi e4, alowe m'nkhondo zotseguka, aphunzire kuukira. Wokonda moto asankhe Scandinavian kapena Italian. Chachikulu n'chakuti zikhale zochepa, zogwirizana, ndipo usazisiye chifukwa wagonja kawiri. Pa msinkhu wathu masewero sathera pa opening. Amatha pamene wina waiwala hatchi pamalo poti idyedwa, kapena pamene sadziwa kuyendetsa mfumu ndi pawn imodzi kumapeto.

Choncho inu amene muli ndi theka la ola lokha patsiku, sankhani opening imodzi ya zoyera ndi ziwiri za zakuda, mukhale nazo chaka chathunthu. Mukagonja, tsegulani masewerowo pa foni muone muvu imene munasocherera, mukonze imeneyo yokha. Nthawi yotsalayo ipite ku ma puzzle ndi kumapeto a masewero, chifukwa n'kumene anthu ogwira ntchito ngati ife timapambanira.