Moyo wa dzanja limodzi

Ndine mayi wa zaka 50, ndimakhala ku Bangwe mumzinda wa Blantyre. Kwa zaka zambiri ndinali wa geni ya nsomba. Ndinkapita ku Mangochi kukapikula usipa ndi utaka kumadoko, n'kubwera kudzagulitsa mumsika wa Limbe. Dengu ndinkadzisenzetsa ndekha. Bambo a kunyumba ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo ntchito yawo ndi ya nyengo: mvula ikangoyamba maganyu amasowa, kotero miyezi ya dzinja banja lonse linkadya nsomba zangazo. Lendi, fizi ya ana, chopereka cha pamaliro kumudzi, zambiri zinkadutsa m'manja mwanga. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse chimene chinandichokera.

M'mawa wina mu 2021, ndili ndi zaka 46, ndinkasesa pabwalo, tsache linangopulumuka. Ndinawerama kuti nditole, koma dzanja lamanja silinandimvere. Ndinayesa kuitana mwana, lilime linali lolemera. Mtsikana wanga atatuluka n'kuona pakamwa panga patapotokera mbali imodzi, anakuwa. Anthu anadzaza pakhomo. Ena ankati andiponyera mankhwala anzanga a mumsika chifukwa cha kaduka, ena ankati aitane abusa. Mnyamata wanga woyamba sanayankhe aliyense, anathamanga kukafuna galimoto, n'kupita nane kuchipatala cha Queens.

Kumeneko anapeza kuti BP yanga inali pamwamba kwambiri. Ine sindinkadziwa. Chiyezereni kusikelo ndili ndi mimba yomaliza, palibe amene anandimangapo lamba uja pamkono, ndipo mutu ukamawawa ndinkati ndi dzuwa la mumsika. Dokotala anafotokozera bambo kuti sitiroko imabwera mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena ukaphulika mu ubongo, ndipo mbali ya ubongo imene yasowa magaziyo imasiya kugwira ntchito. Kwa ine inali mbali yakumanzere, imene imalamula dzanja ndi mwendo wakumanja, komanso kwa anthu ambiri ndi imene imasunga mawu. N'chifukwa chake ndinkafuna kunena "madzi" pakamwa n'kutuluka "mchere". Pambuyo pake ndinadzamva kuti kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ambiri mwa iwo osamwa mankhwala alionse. Ndikaganiza za mzere wathu uja wa amayi a nsomba, ndimagwidwa mantha.

Kuchipatala kudwala sikuchititsa manyazi, chifukwa aliyense wagona. Manyazi anandipeza kunyumba.

Chimbudzi chathu n'chokumba, chili kuseri kwa nyumba, ndipo malo a ku Bangwe ndi otsetsereka. Munthu wa mwendo umodzi sangatsike pamenepo, ndipo ngakhale atafika sanganjute. Masabata oyamba ankandiikira ndowa kuchipinda. Amene ankakataya anali mtsikana wanga uja, yemwe panthawiyo anali Fomu 3. Ankandisambitsa, kundipukuta, kundivalitsa zamkati. Mwana amene ndinamusambitsa ine, ndinamulangiza ine atakula, tsopano ankaona thupi la mayi ake lonse. Iye sankadandaula, ankangoti, "Amayi, kwezani mkono." Ine ndinkayang'ana kukhoma. Ndinayamba kukana madzi ndi phala madzulo kuti usiku ndisadzutse munthu, mpaka milomo inayamba kung'ambika.

Pali zinthu zimene munthu wa manja awiri saziganizira n'komwe. Chitenje chimafuna manja awiri. Duku nayonso. Nsima imafuna dzanja lina ligwire poto pamene lina likuvundula. Wamkulu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri utagwada, koma ine sindinkatha kugwada, ndipo dzanja lamanja linali lende. Apongozi anga aamuna atabwera kudzandizonda, ndinawapatsa moni ndi lamanzere ndili pampando, iwo ali chiimire. Anandiuza kuti, "Musadandaule mayi, ndi matenda." Komabe usiku umenewo ndinalira. Ndalama nazonso zinandisokonekera: ine amene ndinkawerengera chenji pamtima anthu atatu akundiyankhulitsa nthawi imodzi, ndinkayang'ana K500 ndi K200 osadziwa kuti pamodzi ndi zingati.

Ndiyeno panali chifundo cha anthu. Ndikufuna ndinene bwino pamenepa, chifukwa onse ankachita mwachikondi, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Koma chifundo chimenecho chinatsala pang'ono kundimaliza. Ndikangoti nditambasule dzanja kutenga kapu, wina wanditengera kale. Ndikayamba kufunafuna liwu, wina wandimalizira chiganizo. Alendo ankafunsa bambo kuti, "Agona bwanji odwalawa?" ine ndili pomwepo, ndikumva zonse. Za lendi, za ngongole yanga ya ku banki m'khonde, ankakambira panja monong'ona kuti BP ingakwere. Kumaliro a mnansi wathu anandinyamula n'kukandikhazika pamthunzi, amayi anzanga ali kalikiliki kumoto, kumene kale ndinkagawa ntchito ndine. Palibe amene anandinyoza. Ankangondichitira chilichonse, ndipo tsiku ndi tsiku ndinkachepa.

Achimwene anga, eni mbumba, anabwera kuchokera ku Chiradzulu n'kuuza bambo kuti, "Alamu, mwayesetsa. Tipatseni mlongo wathuyu tikamusamale kumudzi, inu muzipita kuntchito." Sanalakwitse, mwambo wathu ndi umenewo. Koma ine ndinadziwa kuti ndikapita, ndikakhala pamphasa kuseri kwa nyumba ya amayi aang'ono mpaka imfa. Ndinalephera kunena zonsezo, mawu anakana. Ndinangogwira mwendo wa mpando n'kunena kuti, "Ayi." Bambo anandiyang'ana, kenako anati, "Mwamva alamu, akuti ayi. Akhala konkuno." Chidwalireni, aka kanali koyamba kuti mawu anga agamule nkhani.

Sindibisa, miyezi imeneyo ndinkapempha Mulungu kuti anditenge. Sindinkawauza anthu. Chimene chinandidzidzimutsa ndi yunifolomu ya mtsikana wanga. Tsiku lina ndinaiona ili chipachikire pamsomali, itachita fumbi m'mapewa, ndipo ndinazindikira kuti papita nthawi asakupita kusukulu. Nditamufunsa anati, "Amayi, ndikapita mutsala ndi ndani? Ndidzabwereza chaka chamawa." Ine ndinalekeza Sitandade 6. Usipa wonse umene ndinasenza unali woti mwana ameneyu alembe MSCE. Mtima unandipweteka kuposa tsiku la sitiroko lija.

Tinayamba kupita ku Kachere Rehabilitation Centre, kwa a fiziyo, kumene anatilembera potuluka m'chipatala. Ulendo wake unali wovuta. Mnyamata wanga ankandibereka kuchoka kunyumba kukafika pamsewu, ndipo minibasi zina zikaona ndodo ndi mwendo wokoka zinkangodutsa. Koma kumeneko ndinakumana ndi mayi wina wa fiziyo amene anasintha zinthu, ndipo anayambira pa banja langa, osati pa ine. Ataona mtsikana wanga akundivula juzi, anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Asiye avule okha. Ngakhale zitenge theka la ola, asiye." Anawauza bambo kuti asamandidzutse pondikoka mkono wakufawo, chifukwa phewa lopanda mphamvu limaguluka ndipo ululu wake sutherapo. Anatiuza kuti miyezi yoyambirira ndi imene ubongo umaphunzira msanga, ndiye tsiku lililonse logona ndi lotayika. Anandiphunzitsa kuyamba ndi mkono wodwala povala ndi kumalizira nawo povula, kudzuka pampando nditatsamiza thupi kutsogolo, kukwera sitepe ndi mwendo wabwino n'kutsika ndi wodwalawo. Ndipo ankayankhula ndi ine, kundiyang'ana m'maso, n'kudikira mpaka liwu litabwera.

Kunyumba kudikirako kunawavuta. Bambo ankatuluka panja kuti asaone ndikulimbana ndi bulauzi, thukuta lili kamukamu. Koma luso lawo linapeza pogwira. Anazika mitengo ya bulugama kuchoka pakhomo mpaka kuchimbudzi, n'kukhomerapo ina yopingasa yoti ndizigwira, ndipo pamalo otsetsereka aja anawaka masitepe aafupiafupi ndi njerwa zotsala kuntchito. Anatenga mpando wakale, anauboola pakati, n'kuuika pachimbudzi. Kubafa anaika benchi ndi chingwe cholendewera kudenga. Tsiku limene ndinapita kuseri ndekha, kutseka chitseko ndekha, n'kubwerako popanda kuitana munthu, ndinakhala pakhonde n'kumwa madzi kapu yathunthu mosaopa usiku. Sabata yotsatira mtsikana wanga anabwerera kusukulu.

Zina zinabwera pang'onopang'ono. Telala wa pafupi nafe anandisokera lasitiki m'zitenje, moti ndimangolowamo. Duku amandimangira anzanga a Mvano pakhomo la tchalitchi, ndipo ndinasiya kuchita nazo manyazi. Nsima ndinakumbukira mmene malemu agogo ankachitira ndi mphika wadothi: ankaupanikiza ndi mtengo wa mphanda, iwo ataponda kunsonga kwake. Bambo anandisemera wotero, ndipo ndimavundula ndi lamanzere nditakhala pansi. Nsima yoyamba inali ya mibulu yokhayokha, koma anadya onse osasiya. Chenji ndinaphunziranso ndi mwana wanga womaliza, yemwe anali Sitandade 3: iye homuweki, ine ndalama zachitsulo ndi nyemba pamphasa.

Mankhwala a BP ndimamwa m'mawa uliwonse, ndipo anandiuza kuti ndi a moyo wonse, ngakhale ndikumva bwino. Miyezi ina kuchipatala chathu chaching'ono amati atha, ndiye timakagula kufamase, ndipo chitsikireni kwacha mu November 2023 mtengo wake umaluma. Timadula pena, koma osati pamankhwala. Mchere anati usapose magalamu 5 patsiku, kasupuni kakang'ono kamodzi, kuwerengera ndi umene uli kale m'zakudya. Soda wa m'therere nayenso anati ndichepetse. Poyamba ndinkapatulidwa ndiwo zangazanga, koma bambo atakayezetsa n'kupezeka kuti nawonso BP yawo ndi yokwera, mphika unakhala umodzi.

Mu March 2023 kunabwera namondwe Freddy. Mvula inagwa masiku angapo osakata, ndipo tinamva kuti ku Chilobwe matope otsika m'phiri la Soche akwirira nyumba ndi anthu. Usiku wina madzi analowa m'nyumba mwathu, khoma la kukhitchini linagwa. Mumdima ndi m'matope ndodo yanga inalibe ntchito. Ndinaitana mnyamata wanga ndi mawu omveka, "Bwera undibereke," ndipo ndili kumsana kwakeko ndinkauza ena choti atenge: mankhwala anga, buku lakuchipatala, makope a mwana, bulangete. Tinakagona kutchalitchi. Usiku umenewo anandinyamula monga ankandinyamulira mu 2021, koma mumtima simunali mofanana. Kale ankandinyamula nditangokhala chete, ena akundiganizira. Apa ndinapempha ndekha chimene sindikanatha, ndipo zotsalazo ndinayendetsa ndine. Kuchokera pamenepo kupempha thandizo sikundiwawanso ngati kale.

Sindinachire monse. Zala za dzanja lamanja zinapindika, sizigwira kanthu. Mwendo ndimakoka, ndipo ndikatopa mawu amathawa. Dengu sindidzasenzanso, ku Mangochi sindinapiteko chidwalireni, ndipo masiku ena ndikamva fungo la usipa watsopano ndimalakalaka doko, phokoso la asodzi ndi kutsutsana mitengo m'bandakucha. Chisoni chimenecho chimabwerabe, ndipo ndikachimva ndimawauza bambo kapena mnzanga mmodzi wa Mvano m'malo mochisunga. Amene amati ndikanakhala ndi chikhulupiriro chokwanira dzanjali likanatambasuka, ndimawayankha kuti Mulungu amene anandisunga pabwalo paja ndi yemweyo anandipatsa a fiziyo, mwamuna wodziwa kuwaka masitepe, ndi ana awa.

Geni ndinayambiranso, koma mwa mtundu wina. Mnzanga wakale wa ku Mangochi amandipikulira nsomba, ndimamutumizira ndalama pa Airtel Money, katundu amabwera pa basi, mnyamata wanga amakalandira ku Limbe. Ndimagulitsira pakhonde, pa tebulo limene bambo analipanga lofika m'chiuno kuti ndisamawerame. Phindu ndi lochepa poyerekeza ndi la mumsika, koma ngongole ya ku banki m'khonde ndinabweza yonse, ndipo buku la ndalama za pakhomo lili m'manja mwanga. Mtsikana wanga analemba MSCE ndipo anakhoza.

Mwezi wathawu anandiitana kwa mayi wina wa mumpingo mwathu amene sitiroko yamugwira ali ndi zaka za m'ma 40. Ndinapeza achemwali ake akumumwetsa phala ndi supuni, dzanja lake lamanzere lili bwinobwino pamwendo. Ndinapempha supuniyo n'kumufumbatitsa. Phala lambiri linatayikira pachitenje, achemwali akewo misozi ili m'maso, koma anadya yekha. Achibale onse amene analipo ndinawauza kuti akayezetse BP sabata yomweyo, ndipo bambo alonjeza kuti Loweruka akaona njira ya kuchimbudzi kwawo kuti adziwe mitengo ingati ikufunika.