Njinga Ili Bwinobwino

Nditagula njinga yamoto, abale a pa mzikiti wathu ku Ntaja anati Allah wanditsegulira makomo. M'zaka zinayi mimba inatsogola, mkanjo wa Jumu'ah unayamba kuthina, ndipo aliyense wondipatsa salamu ankawonjezera kuti, "Mwalimu, zikukuyanjanitu." Ndinkasangalala nazo. Kwathu kuno munthu akawonda amamunong'ona, akanenepa amamupatsa mpando.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi wudhu. Sunkakhalitsa. Pakati pa Dhuhr ndi Asr ndinkatuluka kangapo kukataya madzi, ludzu silinkatha, ndipo ana akamawerenga ine ndinkawodzera pamkeka. Kuchipatala ku Liwonde anandibaya chala ndisanadye kanthu, anabwereza tsiku lina, nandiuza kuti ndili ndi matenda a shuga. Pomwepo ndinakumbukira amalume a ku Ulongwe, m'boma la Balaka, amene tinawaika m'manda ali ndi mwendo umodzi chifukwa cha kabala ka pachala kamene sikanapole.

Anandipatsa metformin. Koma dokotalayo, mnyamata wa msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa alifu, anandifunsa funso limene sindinaliyembekezere: "Bambo, pansi mumayenda?" Ndinasowa choyankha. Ngakhale kokagula sopo ndinkapita panjinga.

Kufotokoza kwake kunandikhala mumtima. Kapamba amatulutsa homoni yotchedwa insulini, imene imalamula minofu kulandira shuga wochokera mu nsima ndi mpunga. Mafuta a pamimba si katundu wongokhala phee. Nawonso amathira timadzi tawo m'magazi, tochititsa thupi kusamvera insulini. Pamenepo kapamba amawonjeza kutulutsa, ngati mwalimu wokweza mawu m'kalasi yaphokoso, mpaka mawuwo amasasa. Palinso homoni ya leptin yochokera m'mafuta, youza ubongo kuti thupi lili ndi nkhokwe yokwanira; mwa munthu wonenepa kwambiri imachuluka, koma ubongo umasiya kuimva, mbale n'kumangowonjezeka.

Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi ngakhale insulini itachepa mphamvu, ndipo kwa tsiku limodzi kapena awiri imamvera insulini mosavuta. Kenaka phindulo limazilala. N'chifukwa chake ulendo umodzi wautali pa sabata suposa maulendo aafupi a tsiku ndi tsiku. Bungwe la World Health Organization limalangiza akulu mphindi zosachepera 150 pa sabata. Nditagawa, ndinapeza kuti ndi theka la ola kwa masiku asanu, nthawi imene ndimatha kuitaya pocheza pakhonde la mzikiti.

Ndinayamba kupita ku madrasa wapansi, ndiponso kuyenda pang'ono ndikadya mgonero. Tsiku lina mtima wachinyamata unandinyenga, ndinalowa m'bwalo kuthamanga mpira ndi ophunzira. Nditayeza ndi kamakina kanga, shuga anali atakwera! Ndinamva pambuyo pake kuti kuthamanga mwamphamvu kumatulutsa adrenaline, amene amauza chiwindi kukhuthula shuga kwa kanthawi. Mpira ndinawasiyira eni ake.

Ramadhan imafuna nzeru zina. Sindiyenda dzuwa lili paliwombo. Ndimadikira futari, yomwe tsopano ilibe tiyi wa masupuni anayi, kenaka ndimapita ku Tarawih wapansi. Amene amamwa glibenclamide kapena kubaya insulini asanditsanzire asanafunse kuchipatala, pakuti swaumu ikaphatikizana ndi kuyenda shuga wawo angatsike mpaka kukomoka. Sharia inamupatsa wodwala chilolezo chomasula, ndipo kukana chilolezocho sindikuyesa kuopa Allah.

Mankhwala ndikumwabe, koma wudhu wa Dhuhr tsopano umandifikitsa ku Asr, Alhamdulillah. Chovuta chatsala ndi maso a anthu. Mkanjo utayamba kukhwepa, mkulu wina anandikokera pambali nandifunsa motsitsa mawu ngati ndinakayezetsa magazi. Anyamata a kabaza nawo amaima pamsewu: "Mwalimu, njinga yawonongeka? Kwerani, simulipira." Ndimawathokoza, n'kuwauza kuti njinga ili bwinobwino kunyumba.