Chikomekome cha Mkuyu: Galimoto Imene Ndinagula ndi Ng'ombe za Atate

Lero ndati tisanthule mwambi uja wakuti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Mwambi umenewu ndinauphunzitsa m'kalasi zaka zoposa 30, ndi kuufunsa pa mayeso kosawerengeka, koma tanthauzo lake lenileni ndinalimva nditachita kale imvi, nditaima m'mbali mwa msewu ku Chikangawa, galimoto yanga ikufuka nthunzi ngati m'phika wa nyemba.

Nkhani yake inayamba m'chaka cha 2018. Agogo anu aakazi anayamba kuvutika ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mwezi ndi mwezi ankayenera kukaonedwa ku chipatala cha mishoni ku Embangweni. Munthu wachikulire kumukweza pa njinga yamoto ya kabaza m'nyengo ya dzinja, matope ali ponseponse, sichinthu chopatsa ulemu. Choncho ndinagulitsa ng'ombe zisanu za m'khola limene atate anga anandisiyira, ndipo mwana wanga amene ali ku Joni anawonjezerapo. Inu obadwira m'tauni mudziwe kuti kwa Mngoni wa kuno ku Mzimba ng'ombe si nyama chabe. Ndiyo malowolo, ndiyo yolirira maliro, ndiyo nkhokwe ya banja. Kuitulutsa m'khola ndi nkhani yoti munthu sugona tulo.

Galimoto zambiri zimene mumaziona kuno zinayendapo kale ku Japan. Zimabwera pa sitima yapamadzi mpaka ku Dar es Salaam, kenaka zimayendetsedwa pamsewu kudzalowa pa chipata cha Songwe ku Karonga, ndipo zikalipiridwa msonkho wa MRA zimakaima m'mipanda ya ogulitsa. Koma zilipo zina zimene zinatha kale mphamvu m'misewu yathu yomwe ino, zikunyamula anthu ndi matumba a mbatata, ndipo zimangotsukidwa ndi kupakidwa utoto. Zimenezi panthawiyo sindinkazidziwa.

Pa mpanda wina mu mzinda wa Mzuzu anandilandira ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa mu Sitandade 8, mwana wa m'mudzi woyandikana ndi wathu. Anagwada, nandilonjera m'Chitumbuka chakwathu, nati, "Monire aDada aHedi. Inu sindingakupatseni chinthu choipa." Anandionetsa kagalimoto koyera, konyezimira ngati mbale ya alendo. Mtima wanga unagwa pomwepo.

Atate anga pogula ng'ombe sankachita chotero. Ankapita m'mamawa ng'ombe zisanatuluke m'khola. Ankaiyasamulitsa kuti aone mano, chifukwa mano ndiwo amanena zaka. Ankaiyendetsa kuti aone ngati ikutsimphina, ndipo ankafunsa kuti yabereka kangati. Koposa zonse, sankapita okha. Ankatenga munthu wodziwa ng'ombe ndi mboni, kuti mawu onse a wogulitsa akhale ndi makutu ena owasunga. Ine mwana wawo, wodutsa ku koleji ya aphunzitsi, ndinapita ndekha, ndinazungulira nayo mpanda kamodzi, ndipo ndinasayina pepala lachingerezi osavala ngakhale magalasi. Safunsa anadya phula.

Kuchokera ku Mzuzu kufika pa Boma la Mzimba ndi makilomita oposa 100, ndipo msewu wa M1 umakwera zitunda za Viphya. Pa zitunda zimenezo ndi pamene mkuyu unaonetsa nyerere zake. Muvi wa kutentha unakwera mpaka pofiira, kumbuyo kukutuluka utsi woyera, ndipo injini inazima. Tinachita kuikoka ndi lole mpaka pa Boma. Makaniko wachikulire wa kumeneko anasolola kachitsulo koyezera oyilo, nandionetsa: oyilo anali ngati tiyi wamkaka. Anati gasiketi ya pamutu pa injini inapsa kalekale, motero madzi ankasakanikirana ndi oyilo. Mu rediyeta anapezamo zotsalira za mankhwala omatira ming'alu, amene amabisa vuto kwa masiku ochepa. Anati, "Bambo, matendawa si a lero. Alipo amene ankawadziwa."

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kubwerera ku Mzuzu mtima uli phuliphuli. Ndinalankhula mokweza pamaso pa makasitomala, ndinatchula anthu kuti akuba, ndinagogoda ndodo pansi monga ndinkachitira pa asembule. Mwini mpanda sanakweze mawu. Anangotulutsa pepala lija, naloza mzere umene unkati galimoto yagulitsidwa mmene ilili, ndipo ikatuluka pachipata sibwezedwa. Pansi pake panali dzina langa, lolembedwa ndi dzanja limene linaphunzitsa ana mazanamazana kuti asamasayine chimene sanawerenge. Mnyamata uja anazemba. Ndinabwerera chimanjamanja, manyazi atandigwira.

Kunyumba ndinati ndikatula nkhaniyi kupolisi kuti mnyamatayo amangidwe. Agogo anu anandiyankha mofatsa kuti, "Abambo, mayi a mwana ameneyu timakhalira limodzi pa maliro ndi ku chigwirizano cha amayi. Mukamumangitsa, ng'ombe zija zibwerera m'khola?" Apo ndinakumbukira kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamuponya mwala, waswa mkhate wako womwe.

Ndinapita kwa nduna ina yachikulire ya m'dera lathu, munthu amene wakhala pa milandu ya ng'ombe zaka zambiri. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Mukufuna chiyani kwenikweni, galimoto yoyenda kapena kuti anthu achite manyazi?" Kenaka anati, "Ukayendera nzengo usamati asakhwi afumbula." Anandikumbutsanso kuti kwathu kuno nkhani yolemera sitiyankhula pamaso ndi pamaso tili ndi mkwiyo. Timatuma thenga, monga timachitira pa malowolo, kuti mawu otentha azizire panjira.

Choncho ndinayambanso mwadongosolo. Ndinapempha makaniko uja kuti alembe zimene anapeza, ndi tsiku lake, ndipo asayine. Mdzukulu wanga wina anajambula oyilo ndi rediyeta pa foni. Ndinasonkhanitsa risiti, pepala la mgwirizano ndi buku la umwini wa galimoto, limene ambiri amalitcha blue book. Ndinalemba kalata yaulemu ya tsamba limodzi, yonena tsiku logula, mawu amene ndinauzidwa, malo amene galimoto inafera, ndi chimene ndinkapempha: andikonzere injini kapena andibwezere ndalama pasanathe masiku 14. Kalatayo anaitenga ndi mphunzitsi mnzanga wopuma wa ku Mzuzu, amene anakhala thenga langa.

Mnzangayo ndiye ananditsegula maso pa za malamulo. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, komanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la 1998, ndipo limalandira madandaulo a anthu amene anamizidwa pa malonda. Lamulo limenelo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Liliponso bungwe la Consumers Association of Malawi limene limalankhulira ogula, ndiponso bwalo la majisitireti. Mzere wa papepala suyeretsa munthu amene wabisa dala chilema cha katundu. M'kalatamo tinangoonjezera chiganizo chimodzi, chopanda chiopsezo, chonena kuti tikalephera kumvana tidzapempha a bungwe lija kuti atiweruze.

Patapita masiku 10 tinaitanidwa. Ndinapita ndi thenga langa ndi makaniko. Nthawi ino sindinagogode ndodo. Makaniko anayala zimene anapeza, ndipo mwini mpanda anaitana mnyamata uja. Ndinamufunsa mofatsa kuti, "Mwana wanga, kodi unkadziwa?" Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenaka anati, "ADada, ndinkadziwa kuti imatentha. Ndinkafuna komishoni." Mawu amenewo ndiwo anamasula mlandu. Mwini mpanda anavomera kugula injini ina ndi ndalama zake, ine ndinavomera kulipira makaniko woiika, popeza nanenso ndinalakwa posayeza katundu. Zonsezo tinazilemba, ndipo mboni ziwiri zinasayina. Ndinapemphanso kuti mnyamatayo asachotsedwe ntchito.

Sindinabwezeredwe zonse. Ndalama za lole yokoka, za maulendo ndi za makaniko zinakwana pafupifupi mtengo wa mwana wang'ombe. Koma galimotoyo inayenda, ndipo mpaka lero imanyamula agogo anu kupita ku Embangweni ndi kukagula tomato pa Jenda. Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho mnyamata uja anafika pakhomo ndi amalume ake, tambala ali m'manja. Akuluakulu amati pepani sapoletsa chilonda, ndipo n'zoona. Komabe tambalayo tinamulandira, chifukwa mlandu umene wathera pa mphasa susiya chidani kwa ana.

Adzukulu anga, chiyambire pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, galimoto yakwera mtengo koposa, ndipo wolakwitsa pogula lero amataya khola lonse. Tsono mukafuna kugula, chitani monga ankachitira atate anga. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Idzutseni injini m'mamawa ili yozizira, ndipo mukwere nayo chitunda. Yerekezani manambala a pa galimoto ndi a m'buku lake. Lonjezo lililonse la pakamwa lilembedwe, ndipo muwerenge musanasayine, ngakhale wogulitsayo akhale mbale wanu. Zikavuta, musathamangire kukuwa. Sungani umboni, lembani kalata, tumani thenga, ndipo njira ya malamulo ikhale yotsiriza koma yodziwika kwa onse.

Mkuyu ukapsa umakopa maso. Muziyamba mwaung'amba pakati musanauike m'kamwa. Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.