Nyumba za Udzu za Anthu Olemera ku Luangwa

Kumudzi kwathu munthu akapeza ndalama, chinthu choyamba chimene amachita ndi kusasula udzu wa padenga ndi kukhoma malata. Akatero amayamba kulakalaka magetsi ndi msewu wa phula wofika pakhomo. Tsono mutha kumvetsa kudabwa kwathu pamene tidafika ku chigwa cha Luangwa, m'dziko la Zambia, ndi kupeza anthu ochokera ku London, ku Berlin ndi ku New York atalipira ndalama zochuluka kuti agone m'nyumba zofolera ndi udzu, zounikidwa ndi nyali za mafuta, kutali ndi msewu uliwonse wabwino.

Tidanyamuka ku Lilongwe m'mamaŵa, kumapeto kwa mwezi wa Okutobala. Titadutsa malire ku Mchinji ndi kupuma pang'ono ku Chipata, tidayamba kutsetsereka mtunda wa makilomita opitirira 100 mpaka ku Mfuwe. M'mene tinali kutsika, kutentha kunali kukulirakulira, ndipo pofika masana tidakumbuka dzuŵa la ku Nsanje. Amene adatiitana ndi mwana wa mlongo wathu, amene amagwira ntchito yophika pa msasa wina wa alendo m'kati mwa nkhalango. Eni dera limeneli ndi Akunda, koma Chinyanja amachimva bwino, kotero kucheza nawo sikudativute.

Nkhalango ya South Luangwa ndi yaikulu makilomita 9,050 m'litali ndi m'lifupi mophatikiza, ndipo idakhazikitsidwa monga paki mu 1972. M'chilimwe mtsinje wa Luangwa umaphwera mpaka mvuu kuthithikana m'maiŵe otsala, ng'ona zitayalana pamchenga. Kuli njovu, njati, mikango ndi anyalugwe ambiri, ndiponso mtundu wa nyamalikiti wotchedwa Thornicroft, umene supezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi.

Msasa umene tidaonetsedwa unali ndi nyumba zinayi zokha, za makoma a bango, zoyang'ana kumtsinje. M'kati munali bedi lalikulu la nsalu zoyera mbee, neti yoteteza udzudzu, ndi bafa lopanda denga lakuti munthu posamba aziona thambo. Buledi amaphika m'dzenje lokumba pansi, makala a moto ali pamwamba pa chivundikiro. Misasa yotere imamangidwa mvula ikatha ndipo imapasulidwa mu Novembala, pakuti dzinja likafika mtsinje umasefukira ndipo dothi lakuda la kumeneko limasanduka matope omeza galimoto. Mtengo wa usiku umodzi kwa munthu mmodzi ndi madola a ku America mazana angapo, ndipo pa misasa ina umapitirira 1,000. Mlimi wa kwathu sangapeze ndalama zotere ngakhale atagulitsa chimanga cha nkhokwe yonse.

Tidamufunsa mnyamatayo chimene anthuŵa amalipirira kwenikweni. Iye adaseka nati, "Atsibweni, mukadzaona madzulo mudzadziŵa nokha." Dzuŵa litaloŵa, alendo asanu ndi mmodzi adakhala mozungulira moto wa nkhuni za tsanya. Panalibe wailesi, panalibe wogwira foni. Kutsidya kunali kulira fisi, ndipo mayi wina wachikulire adakhala nthaŵi yaitali chigada, maso ali kumwamba. Pambuyo pake tidamva kuti mumzinda wa kwawo magetsi amaŵala usiku wonse, kotero kuti chibadwire anali asadaone mlalang'amba. Apo ndi pamene tidazindikira kuti malonda a msasawo ndi bata, mdima ndi moto wa pabwalo, zinthu zimene ife kumudzi timakhala nazo usiku uliwonse ndi kumaziyesa chizindikiro cha umphaŵi.

Malonda ameneŵa sadayambe lero. Ku Kenya, m'nkhalango ya Aberdare, Eric Sherbrooke Walker adamanga mu 1932 kanyumba ka alendo pamwamba pa mtengo wa mkuyu, pafupi ndi dziŵe lomwerapo nyama, ndipo adakatcha Treetops. M'kanyumba kameneka ndi mmene Elizabeth, mwana wa mfumu ya ku Mangalande, adagona usiku wa pa 5 Febuluwale 1952. Usiku womwewo bambo wake, George VI, adamwalira, ndipo iye adatsika mumtengo ali mfumukazi. Mbiri imeneyi idamveka dziko lonse. Koma mu 1954 ankhondo a Mau Mau, amene anali kumenyera malo a makolo awo, adatentha kanyumbako, ndipo kadamangidwanso mu 1957. Ku Tanganyika nako, pofuna kuti Serengeti ikhale ya nyama zokha, boma la atsamunda lidasamutsa Amasai mu 1959 kupita nawo ku Ngorongoro. Mlendo wogona ku Serengeti lero amasirira chidikha chopanda mudzi, koma kaŵirikaŵiri sauzidwa kuti pamenepo panali makola a ng'ombe ndi manda a anthu.

Ku Luangwa nkhani idayamba mosiyanako. Norman Carr, amene adabadwira ku Chinde m'dziko la Mozambique mu 1912, anali woyang'anira nyama m'boma la Northern Rhodesia. Mu 1950 adakambirana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule gawo la dziko lake likhale losungiramo nyama, ndipo pomwepo padamangidwa msasa woyamba wolandira alendo oona nyama m'dzikolo. Pangano lawo linali lakuti ndalama zolipira alendo zizipita kwa eni nthaka. Maganizo a Carr anali osavuta kumva: munthu sangasunge njovu imene imangomudyera mbewu popanda kumubwezera kanthu. Iye ndiyenso adatchukitsa maulendo oona nyama poyenda pansi, alendo ali pamzere, mlonda wa mfuti ali patsogolo. Adamwalira mu 1997, koma maulendo otereŵa akuchitikabe mpaka lero.

Zipatso za maganizo ameneŵa tidaziona ndi maso. Ku Mfuwe kuli bwalo la ndege, misika ya ndiwo zamasamba zogulitsa ku misasa, amisiri opala matabwa ndi amayi olemba maluŵa pa nsalu. Ambiri mwa operekeza alendo ndi ana a m'chigwa momwemo, amene adalemba mayeso okhwima ndipo amadziŵa dzina la mbalame iliyonse. Misasa ingapo imathandiza sukulu ndi zipatala zazing'ono za m'midzi. Tisaiŵalenso kuti m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 opha nyama mozemba adatha zipembere zonse za m'chigwachi ndi kupha njovu zikwi makumi angapo. Kuti njovu zikuonekanso zambiri lero, mbali ina ndi chifukwa chakuti yamoyo idayamba kubweretsa ndalama zoposa minyanga ya yakufa.

Komatu walira mvula walira matope. Pa hotela ya Mfuwe Lodge pali mtengo wa mtondo umene umapsa cha mu Novembala, ndipo chaka ndi chaka banja la njovu limadutsa m'chipinda cholandirira alendo, pafupi ndi tebulo la kalaliki, kupita kukadya zipatsozo. Zithunzi zake zidafalikira dziko lonse, ndipo alendo ena amabwera kudzaona zimenezi basi. Koma nkhalangoyi ilibe mpanda, ndipo madzi akaphwera njovu zimaoloka mtsinje usiku kuloŵa m'midzi, kutsata mango ndi nkhokwe.

Tsiku lomaliza tidagona m'mudzi wina kunja kwa paki. M'maŵa gogo wina wamasiye adatitenga kuseri kwa nyumba yake natiwonetsa nkhokwe itagwa chammbali, nsichi zitathyoka, zitsononkho zili mbwee pansi. Adatiuza kuti iye ndi adzukulu ake adakhala m'nyumba kumvetsera chimanga chawo chikutafunidwa, osayerekeza kutsegula chitseko. Anyamata a m'mudzi adafika ndi zitini ndi miyuni, ena adafukiza tsabola wosakaniza ndi ndoŵe monga adaphunzitsidwa, koma njovu zidachoka zitakhuta. Tidamufunsa kuti, "Agogo, nanga za ndalama za alendo mumamvapo chiyani?" Iye adayankha mofatsa kuti, "Bambo, sukulu ya ana ilipo, sindikana. Koma sukulu sitidya. Mwezi wa Febuluwale ndidzaŵapatsa chiyani anaŵa?"

Funso limeneli lidatisoŵetsa choyankha, ndipo tabwera nalo kwa inu chifukwa silikhudza Zambia yekha. Kuno ku Malaŵi nafenso tili ndi malo otere ku Liwonde, ku Nkhotakota, ku Nyika ndi ku Majete. Nkhalango ya Majete inali itatsala pang'ono kutheratu nyama pamene bungwe la African Parks lidayamba kuiyang'anira mu 2003. Lidabwezeretsa zipembere, njovu ndi mikango, lidamanga mpanda wa magetsi kuzungulira nkhalango yonse, ndipo lero alendo olemera amagona pa Mkulumadzi, m'mbali mwa Shire. Mpandawo umateteza minda, ndipo ndi chinthu chimene gogo wa ku Luangwa uja akadachiyamikira. Koma mpanda womwewo umatsekanso njira ya mayi amene kale ankamweta udzu ndi kutola nkhuni m'menemo, pokhapokha atapatsidwa chilolezo.

Sitikunena kuti nyumba za udzu za anthu olemera ndi zoipa. Zapatsa ntchito mwana wa mlongo wathu, ndipo zathandiza kuti adzukulu athu adzaone njovu yamoyo, osati ya m'buku lokha. Chimene tikupempha ndi chakuti pangano la Mfumu Nsefu likhale muyeso wa malo onse otere, kaya ndi ku Kenya, ku Tanzania kapena kuno kwathu. Mlendo ndi mame, amagona masiku atatu nkupita, koma mwini mudzi amakhala ndi njovu chaka chonse. Tsono mafumu athu, aphungu ndi makomiti a m'midzi yozungulira nkhalango ayenera kumafunsa poyera kuti pa dola iliyonse imene mlendo walipira, ndi zingati zafika m'mudzi, ndipo ndani adzadzaza nkhokwe imene njovu yagwetsa.

Pobwerera, galimoto ikukwera zitunda kuloŵera ku Chipata, tidacheuka ndi kuona chigwa chonse chili phee m'nthunzi ya kutentha, mitambo yoyamba ya mvula ikusonkhana kumadzulo. Mnyamata wathu anali atayamba kale kulongedza mapoto ndi mbale, pakuti msasa unali pafupi kupasulidwa. Gogo uja tidamusiya akufuna anyamata oti amudulire nsichi zatsopano mvula isadagwe.