Kuona Maso a Nkhono N'kudekha: Ulendo Woyamba pa Nyika

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma anatinso kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyambi iwiriyi siikangana. Woyamba ukunena za kukonzeka nthawi ikadalipo, wachiwiri ukunena za kuugwira mtima ukafika pamalo. Munthu wofuna kuona tanthauzo lake ndi maso apite ku Thazima, m'boma la Rumphi, mvula ikangotha.

Thazima ndi chipata cha nkhalango ya Nyika, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1965 ndipo inakuzidwa mu 1978. Kuchokera pachipatapo kukafika ku Chelinda ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 60. Msewu umakwera kuchoka m'nkhalango ya miombo kufikira kumapiri a udzu okhaokha, kumene nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600. Kumtundako mpweya ndi wopepuka, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimayeretsa udzu mbandakucha.

N'chifukwa chake woyenda wanzeru sayamba ndi ulendo wa masiku atatu wochokera ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia. Amayamba ndi maulendo aafupi, miyendo ndi chifuwa zizolowere chitunda, katundu n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Nzeru imeneyi siya kuno kokha. Ku Norway, kumene anthu amathamanga pachipale chofewa atamanga timatabwa titalititali kumapazi, mpikisano wa Birkebeiner ndi wa makilomita 54, ndipo ochita nawo amayeserera pamsewu ndi timatabwa ta mateyala chipale chisanagwe. Amadziwa kuti mbuzi ya ukwati sanenepetsa m'mawa wa tsiku la phwando.

Komatu thupi lokonzeka silikwanira. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi udzu umakhala utatalika, ndipo njira zimakhala zitatha miyezi zisanapondedwe kwambiri ndi anthu. Eni ake amakhala atazitenganso. Pamwamba pa mapiri pali mbidzi, chilembwe, ntchefu ndi mphoyo, zimene zimaonekera patali. Kambuku aliponso, ngakhale kuti iye ndiye amayamba kuona munthu. Koma m'mitengo ya kumunsi, cha ku Thazima, mumayenda njovu, ndipo mu 2017 zinawonjezeka pamene njovu 34 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde.

Apa ndi pamene mnyamata wonyadira mphamvu zake amagwa m'mavuto. Iye amayenda maso ali pansi, akuwerenga maola, pamene mlonda wa nkhalango amayenda akuwerenga nthaka: ndowe zofunda, nthambi yothyoka kumene, phazi loponda pamwamba pa mame. Njovu siona bwino patali, koma imamva fungo kwambiri. Motero mlonda amatapa fumbi n'kulimwaza kuti aone kolowera mphepo, kenaka amalambalala mwakachetechete. Njovu yokhala ndi mwana saiyandikira, ndipo n'kovuta kuti munthu aipose liwiro. Lamulo loti mlendo aziyenda ndi mlonda silonyoza munthu ayi. Paja safunsa anadya phula.

Palinso china choyenera kukumbukira. Pamene nkhalangoyi inkakuzidwa mu 1978, mabanja ambiri anasamutsidwa, kusiya minda ndi manda a makolo awo. Nzeru yowerenga mapazi a nyama inachokera kwa anthu oterewa, amene ankayenda m'mapirimo mipanda isanabwere. Mlendo akafika m'midzi yozungulira Thazima azipereka moni mwaulemu ndi kumvetsera akulu akamalankhula, pakuti njira imene iye akuiyesa masewera, kwa iwo inali njira ya kumudzi.

Ana a masiku ano aphunzitsidwa kufulumira m'zonse, ndipo ena amayesa kuti wofika msanga ndiye wopambana. Pa Nyika wopambana ndi amene wabwerako wamoyo, ataona chilembwe chikudya osachidzidzimutsa. Miyendo ikonzedwe nthawi ikadalipo, koma ikafika pamaso pa njovu, iphunzire kuima.