Fizi Yanga Imanunkha Makala

M'kalasi timaphunzira kuti mitengo ikatha paphiri, madzi a mvula salowa pansi, amangotsetsereka ndi dothi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatsimikiza zimenezi ku Chilobwe, pamene matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ndi anthu.

Komatu fizi ya maphunziro anga a zachilengedwe amalipira ndi mayi anga, ndipo geni yawo ndi ya makala. Tsiku lina patchuthi ndinawauza kuti makala akuwononga dziko. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga iwe kusukuluko magetsi akazima umaphikira chiyani?"

Ndinasowa chonena. Kuyambira tsikulo, aphunzitsi akatchula chitukuko chokhazikika ndimadzifunsa kuti: mayi anga akasiya makala, adya chiyani? Digiri yanga ikadzalephera kuyankha funso limeneli, idzakhala pepala chabe.