Defrag si mankhwala a matenda onse a kompyuta

Kwathu ku Nkhotakota, kompyuta ikayamba kuchedwa, mankhwala amene aliyense amatchula ndi amodzi: "Ipangeni defrag." Anyamata obena nyimbo pa boma amatero, okonza makompyuta amatero, ngakhale anzanga ku yunivesite amatero. Mawuwa tawasandutsa panado, womwera mutu, mimba ndi msana womwe. Koma mkati mwake muli ntchito ziwiri zosiyana: kulumikiza zidutswa za fayilo, ndi kusonkhanitsa malo opanda kanthu. Amene sazisiyanitsa amagona makina akulira usiku wonse, kukacha vuto lili pomwepo.

Ine ndimaphunzira mbiri yakale ndi zilankhulo, osati zamakompyuta. Nkhaniyi ndinailowa chifukwa cha makina awiri amene ndimawadziwa bwino: laputopu yanga yakaunjika, ndi kompyuta ya msuweni wanga amene amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu pa memory card.

Tiyambe ndi zimene zili mkati. Mu hard drive muli mbale zimene zimazungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kamene kamayenda pamwamba pake kuwerenga ndi kulemba. Malo a pambalepo anagawidwa m'tizigawo ting'onoting'ono. Pa Windows, kawirikawiri kachigawo kamodzi ndi ka makilobayiti 4. Fayilo ikakhala m'tizigawo totsatizana, kamkono kamawerenga osadumpha. Ikamwazikana, kamkonoko kamangoyenda uku ndi uku, ndipo ulendo uliwonse umadya nthawi.

Aliyense amene anakulira kunyanja anaziona kale izi pa thandala la usipa. Azakhali anga amayanika nsomba pa thandala limodzi ndi amayi ena. Wina akaanula wake, pamatsala mpata. Wina akaanula, mpata winanso. Tsopano pafike mayi wa ndowa zitatu. Malo alipo ndithu, koma ndi timipata apa ndi apo, ndiye amayanika pang'ono pano, pang'ono uko. Pamenepa pabadwa mavuto awiri. Loyamba, usipa wa munthu mmodzi uli malo asanu, ndipo poanula ayenda thandala lonse. Lachiwiri, mipata yotsala ndi yaing'ono moti wobwera mawa nayenso adzamwaza wake.

Kutola usipa wa mayi uja n'kuuika pamodzi, ndiko kulumikiza fayilo. Kukankhira usipa wa onse mbali imodzi kuti kumapeto kutsale danga lalikulu, ndiko kusonkhanitsa malo. Ntchito yoyamba imathandiza zimene zilipo kale. Yachiwiri imakonzera zimene zikubwera.

Chimene ambiri sachiona n'chakuti ziwirizi nthawi zina zimalimbana. Kuti mulumikize fayilo yomwazika, mumaisamutsira pa danga lalikulu, ndiye kuti dangalo mwalidya, ndipo malo asanu amene yachoka aja asanduka timipata tatsopano. Mukathinanitsa zonse mbali imodzi osasiya mpata, fayilo imene ikufuna kukula mawa ilibe kolowera, imakaponya chidutswa chake kutali. Palibe njira imodzi yokomera makina onse. Funso loyenera ndi lakuti, kompyutayi tsiku lonse imatani?

Laputopu yanga imangowerenga. Muli mabuku a PDF, zolemba za m'kalasi, ndi mawu a agogo a ku Linga amene ndinawajambula akufotokoza zimene anamva kwa makolo awo za nthawi ya a Jumbe, amene anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840. Zambiri mwa izi zikalowa sizisinthanso. Pa makina otere, kulumikiza mafayilo n'kokwanira, ndipo kuyambira pa Windows Vista kompyuta imadzichitira yokha sabata iliyonse ngati simunaletse. Kuilipirira munthu kuti achite zimene imachita kale yokha ndi kutaya ndalama ya ndiwo.

Ya msuweni wanga ndi ina. Tsiku lililonse amafufuta mafilimu amene anthu atopa nawo n'kulowetsa atsopano, makamaka aja otanthauziridwa m'Chichewa amene amakondedwa m'midzi. Mafayilo ake ndi akuluakulu, ndipo amabwera n'kupita ngati ndowa za usipa. Iye akalumikiza mafayilo lero, pakutha pa sabata theka lake lafufutidwa, ndipo atsopano agwera m'timipata. Chimene chimamuthandiza ndi danga lalikulu lolandirira katundu. Windows ili nalo lamulo lake la ntchito imeneyi, ngakhale silioneka pa batani limene ambiri amadina. Mumatsegula Command Prompt ngati administrator n'kulemba defrag, chilembo cha drive yanu, kenako /X. Ameneyo amasonkhanitsa malo opanda kanthu. Amathandizanso mukafuna kuchepetsa gawo la drive kuti mupange lina, chifukwa Windows imangodula danga limene lili kumapeto.

Tsiku lina anandionetsa lipoti la makina ake akudandaula. "Asuweni, ndapanga defrag kawiri koma filimu iyi ikadali zidutswa." Apa panalibe vuto. Kuyambira pa Vista, Windows savutika kulumikiza zidutswa zoposa mamegabayiti 64, chifukwa kudumpha kamodzi pakati pa zidutswa zazikulu chonchi kumatenga kachigawo kochepa kwambiri ka sekondi. Kasitomala akaima nthawi yaitali pakhomo, nthawi zambiri wochedwetsa si hard drive ayi, koma memory card yotchipa kapena doko lakale la USB 2.0, limene silingapitirire mamegabiti 480 pa sekondi. Defrag sangakhudze zimenezo.

Pali zinanso zitatu zimene ndikanakonda okonza makompyuta athu azinena poyera.

Choyamba, ntchito ziwiri zonsezi siziwonjezera malo ngakhale pang'ono. Thandala likadzaza ladzaza. Komanso kusuntha zinthu kumafuna poziika kaye. Pulogalamu ya Windows XP inkafuna kuti 15 peresenti ya drive ikhale yopanda kanthu kuti igwire bwino ntchito. Ngati drive yafiira, yambani mwafufuta.

Chachiwiri, SSD, fulashi, memory card ndi foni zilibe mbale kapena kamkono. Kwa izo, chidutswa chapafupi ndi chakutali ndi chimodzimodzi, ndipo kuzilemba mobwerezabwereza popanda chifukwa kumangozifupikitsa moyo. Munthu akakuuzani kuti akupangireni defrag pa foni mumulipire, sungani ndalama yanu.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chimandikhudza kwambiri, kukonza malo si kusunga. Ntchito yosuntha mafayilo imagwiritsa hard drive ntchito yakalavulagaga kwa maola ambiri. Makina athu ambiri anafika kuno atakalamba kale, kutentha kwa Okutobala kunyanja mukukudziwa, ndipo magetsi amatha kuzima ntchito ili pakati. Drive imene yayamba kulira ngati wotchi sifunika defrag. Ifunika kuti mutulutsemo katundu lero lomwe. Filimu ikatayika, msuweni wanga akaitenga kwa mnzake. Koma mmodzi mwa agogo amene ndinawajambula anatisiya chaka chatha, ndipo mawu awo sangajambulidwenso. N'chifukwa chake ali malo atatu: pa laputopu, pa fulashi imene ili kwa mayi, ndi pa intaneti.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti nkhaniyi yatha ntchito poti makompyuta atsopano amabwera ndi SSD. Kumeneko n'kulankhula kwa munthu wogula m'sitolo. Kuno makina ambiri amene amadyetsa mabanja, obenera nyimbo, olembera makalata ndi osindikizira mapepala a mayeso, akadali ndi mbale zozungulira, ndipo eni ake alibe ndalama yosinthira mawa. Kwa iwo, kudziwa batani loyenera ndi kusiyana kwa tsiku la malonda ndi tsiku lodikira.

Choncho kompyuta ikachedwa, musanadine chilichonse, dzifunseni zinthu zitatu: mkatimu muli mbale kapena mulibe, makinawa amawerenga zakale kapena amalandira zatsopano, ndipo zimene sindingazipezenso ndaziika kwina? Mukayankha lachitatu, mafunso awiri enawo mukhoza kuwayesa mtima uli m'malo.